Kutopa kwa anamwino: chimene chimakuyambitsa, mmene kumaonekera ndi njira zokuchepetsera

Mwa onse ogwira ntchito pachipatala, namwino ndiye amakhala nthawi yaitali pafupi ndi wodwala. Dokotala amayendera wodi n'kupita kukaona ena, koma namwino amatsala pomwepo usana ndi usiku, akugawa mankhwala, kubaya jakisoni, kuika diripi, kutsuka mabala, kuthandiza amayi pochira, ndiponso kuuza abale pamene wodwala watsikira kulichete. Lipoti la bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO la chaka cha 2020 linapeza kuti padziko lapansi panali anamwino pafupifupi 27.9 miliyoni, ndipo ankapereweranso ena 5.9 miliyoni, makamaka m'maiko osauka a mu Africa ndi ku Asia. Anamwino 9 mwa 10 alionse ndi amayi. Kumene anamwino ali ochepa, ntchito imatsamira pa ochepa omwewo, ndipo pamenepo ndi pamene pamabadwira vuto la kutopa kopitirira muyeso.

Tanthauzo la kutopa kumeneku

Kutopa kumene kukunenedwa pano n'kosiyana ndi kutopa kwa masiku onse kumene munthu amagona nako n'kudzuka ali bwino. Pa Chingerezi amakutchula kuti burnout, kufanizira moto umene wayaka mpaka nkhuni zonse kusanduka phulusa. Mmodzi mwa oyamba kulemba za vutoli anali katswiri wa zamaganizo Herbert Freudenberger. M'chaka cha 1974 iye anafotokoza za anthu ogwira ntchito mongodzipereka pachipatala china chaulere mumzinda wa New York, amene ankayamba ntchito ndi changu chachikulu koma patapita nthawi ankafooka, kukwiya msanga ndi kutaya chidwi.

Katswiri wina, Christina Maslach wa kuyunivesite ya California ku Berkeley, pamodzi ndi mnzake Susan Jackson, anatulutsa m'chaka cha 1981 mndandanda wa mafunso oyezera vutoli, umene ofufuza akuugwiritsabe ntchito mpaka lero. Iwo anasonyeza kuti kutopaku kuli ndi mbali zitatu. Yoyamba ndi kutheratu mphamvu m'thupi ndi mumtima, moti munthu amafika kuntchito ali wotopa kale. Yachiwiri ndi kuuma mtima: namwino amayamba kuona wodwala ngati nambala ya bedi kapena ngati mtolo woti autule msanga. Yachitatu ndi kudziona wolephera, kumva kuti khama lake lonse silikupindula kanthu.

M'mwezi wa May 2019, WHO inafotokoza vutoli m'buku lake la mndandanda wa matenda lotchedwa ICD-11. Bukuli silikuliwerengera ngati nthenda payokha. Likuti ndi vuto lochokera kuntchito, lobwera chifukwa cha kupanikizika kwa nthawi yaitali kumene sikunapezeredwe njira. Mfundo imeneyi ndi yofunika chifukwa ikuloza kumene kuli gwero. Namwino wotopa motere kawirikawiri sakhala waulesi kapena wosaitanidwa ku ntchitoyo, monga mmene ena amanenera. Amakhala munthu amene wasenza katundu woposa mphamvu zake kwa nthawi yaitali popanda womupatsira.

Katundu ndi chithandizo

Akatswiri ofufuza za umoyo wa pantchito amayerekeza nkhaniyi ndi sikelo ya mbali ziwiri. M'chaka cha 1979, Robert Karasek anasonyeza kuti ntchito yovulaza kwambiri ndi imene ili yochuluka koma woigwirayo alibe mphamvu yosankha mmene aigwirire. Ena anadzawonjezera kuti vuto limakula ngati munthuyo alibenso anzake kapena akuluakulu omuchirikiza. M'chaka cha 2001, Evangelia Demerouti, Arnold Bakker ndi anzawo anaika mfundozi pamodzi: mbali imodzi ya sikelo kuli zimene ntchito imafuna kwa munthu, mbali inayo kuli zimene munthuyo wapatsidwa kuti aigwire.

Kwa namwino, mbali yoyamba ndi kuchuluka kwa odwala, kutalika kwa maola, ntchito ya usiku, kunyamula ndi kutembenuza odwala, kulemba m'mabuku ndi m'mafomu, kuopa kutenga matenda, komanso kuona imfa pafupipafupi. Mbali yachiwiri ndi anzake okwanira pawodi, mankhwala ndi zipangizo, malipiro ofika pa nthawi yake, nyumba, tchuthi, mkulu wa pantchito womvetsera, mwayi wopitiriza maphunziro ndi kukwezedwa. Ntchito yolemera payokha siitopetsa munthu mpaka kutha ngati mbali yachiwiriyi ili yodzaza. Vuto limayamba pamene katundu akuchuluka chithandizo chikuchepa.

Zimene zimalemetsa namwino m'Malawi

Kalembera wa chaka cha 2018 anapeza kuti m'Malawi munali anthu oposa 17.5 miliyoni, ndipo ambiri mwa iwo amakhala kumidzi. WHO imati dziko lifunika madokotala, anamwino ndi azamba osachepera 4.45 pa anthu 1,000 alionse kuti lifikire anthu ake ndi chithandizo chofunika. Malawi ali kutali kwambiri ndi chiwerengero chimenechi, ndipo ali pamndandanda wa maiko 55 amene WHO inawatchula m'chaka cha 2023 kuti ali ndi vuto lalikulu la kuchepa kwa ogwira ntchito zaumoyo.

Kuchepaku kumaoneka mosiyana malinga ndi malo. M'zipatala zikuluzikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre, Kamuzu Central ku Lilongwe, Zomba Central ndi Mzuzu Central, odwala amachokera m'maboma ambiri, ndipo nthawi zina mawodi amadzaza mpaka ena kugona pansi. Pachipatala chaching'ono cha kumudzi, namwino mmodzi kapena awiri ndiwo amaona amayi apakati kusikelo, kuthandiza ochira, kupereka njira zolera ndi kulandira odwala mwadzidzidzi. Chifukwa nyumba yake imakhala pafupi ndi chipatala, amagogoderedwa pakati pa usiku ngakhale wagwira ntchito tsiku lonse, ndipo m'mawa mzere umakhala ukumudikira. Lamulo la zantchito la chaka cha 2000 limati maola ogwira ntchito asapitirire 48 pamlungu kupatula owonjezera, koma kumalo otere n'kovuta kulekanitsa nthawi ya ntchito ndi nthawi yopuma.

Ntchito ya namwino yakhalanso ikukula m'zaka zapitazi. Kuyambira 2004, pamene boma linayamba kupereka mwaulere mankhwala otalikitsa moyo a ma ARV, ntchito zambiri zimene kale zinali za madokotala zinaperekedwa kwa anamwino. M'chaka cha 2011, Malawi anakhala dziko loyamba kukhazikitsa ndondomeko ya Option B+, yoyambitsa mankhwalawa kwa mayi aliyense wapakati kapena woyamwitsa amene wapezeka ndi HIV. Ndondomekozi zinapulumutsa miyoyo yochuluka, koma zinabweranso ndi uphungu woti uperekedwe, mabuku oti alembedwe ndi malipoti a mwezi ndi mwezi, zambiri mwa izo zili m'manja mwa namwino yemweyo.

Kusowa kwa zipangizo kumawonjezera kulemera kwa mtundu wina. Namwino amene akudziwa chimene wodwala akufunika koma mankhwalawo palibe, magetsi azima kapena ambulansi ilibe mafuta, amapwetekeka mumtima chifukwa amaona munthu akuvutika pa chinthu chimene chikanatheka. Abale a wodwala sadziwa kumene mankhwala atsakamira. Amene amamuona ndi namwino, choncho mkwiyo wawo umagwera iyeyo.

Pamwamba pa izi pakhala pakugwa miliri ndi ngozi motsatizana. Odwala oyamba a Covid-19 m'dziko muno analengezedwa pa 2 April 2020, ndipo mwezi womwewo ogwira ntchito m'zipatala zingapo za boma ananyanyala ntchito pofuna zovala zodzitetezera, ndalama ya chiopsezo ndi kulembedwa kwa anthu ena. Mliri wa kolera umene unayamba mu March 2022 unafika m'maboma onse ndi kupha anthu oposa 1,700. Usanathe, namondwe wa Freddy anakantha chigawo cha kummwera mu March 2023, n'kuononga zipatala ndi misewu. M'zaka zomwezo ndalama ya kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022 ndiponso ndi 44 peresenti mu November 2023, zimene zinachititsa kuti malipiro a namwino azigula zochepa kusiyana ndi kale.

Zimene kafukufuku wapeza

Kafukufuku amene anasindikizidwa m'chaka cha 2011 anafunsa anthu 101 ogwira ntchito yosamalira amayi apakati ndi ochira pachipatala china chachikulu m'Malawi. Mwa iwo, 72 peresenti anasonyeza kutheratu mphamvu, 43 peresenti anasonyeza kuuma mtima kwa odwala, ndipo 74 peresenti ankadziona kuti sakupindula pantchito yawo. Kafukufuku wina wa chaka cha 2018, amene anafunsa anthu oposa 500 opereka chithandizo cha HIV m'zipatala za m'dziko muno, anapeza kuti 62 peresenti anali ndi vutoli. Anapezanso kuti otopawo ndiwo ankavomera kwambiri kuti nthawi zina sasamalira odwala mmene kuyenera kukhalira.

Umboni wodziwika kwambiri wolumikiza kuchuluka kwa odwala ndi kutopa unachokera ku America. M'chaka cha 2002, Linda Aiken ndi anzake anatulutsa zotsatira za kafukufuku wa m'zipatala 168 za m'chigawo cha Pennsylvania, wokhudza anamwino oposa 10,000 ndi odwala ochitidwa opaleshoni oposa 230,000. Anapeza kuti namwino akawonjezeredwa wodwala mmodzi, chiopsezo choti wodwala amwalira pasanathe masiku 30 chimakwera ndi 7 peresenti, ndipo chiopsezo choti namwinoyo atopa kopitirira muyeso chimakwera ndi 23 peresenti. Kafukufuku wa m'maiko 9 a ku Ulaya wa chaka cha 2014 anapezanso kukwera kwa 7 peresenti komweko pa imfa za odwala. Kafukufukuyu anachitika kumene namwino mmodzi amasamalira odwala ochepa kwambiri poyerekeza ndi mmene zimakhalira m'mawodi ambiri a kuno.

Mmene wodwala amakhudzidwira

Munthu wotopa ndi wosagona mokwanira amaiwala msanga ndipo sazindikira zinthu mwachangu. Pawodi, zimenezi zingathe kutanthauza mankhwala operekedwa mochedwa, mlingo wolakwika, kapena kusaona kuti mayi amene wangochira akutaya magazi ambiri. Nthawi ikachepa, ntchito zoyamba kusiyidwa ndi zimene sizioneka msanga kuipa kwake: kufotokozera wodwala za nthenda yake, kumutembenuza kuti asachite zilonda, kumuyeza pafupipafupi ndi kumulimbitsa mtima.

Dandaulo lofala pakati pa anthu ndi lakuti anamwino ena amalankhula mwachipongwe, makamaka kwa amayi ochira. Kunyoza wodwala n'kulakwa, ndipo bungwe la Nurses and Midwives Council of Malawi, limene limalembetsa anamwino ndi azamba, lili ndi mphamvu yolanga opezeka olakwa. M'zipatala za boma mulinso maofesi a ombudsman olandira madandaulo. Komabe kuuma mtima ndi chimodzi mwa zizindikiro zitatu za kutopaku, choncho chilango chokha sichithetsa vuto ngati namwino wolowa m'malo mwake akupeza katundu yemweyo. Zotsatira zake zimafika kutali, pakuti mayi amene ananyozedwa pochira angathe kuchedwa kupita kuchipatala pa mimba yotsatira.

Kusiya ntchito ndi phunziro la 2004

Namwino wotopa amayamba ndi kujomba, kenako amafunafuna potulukira. Ena amapita ku mabungwe omwe si aboma, ena kuzipatala zolipira, ena kunja kwa dziko, ndipo ena amasiyiratu unamwino. Aliyense wochoka amasiyira anzake odwala ake, otsalawo n'kutopa koposa, ena mwa iwo n'kuchokanso.

Malawi anaziona zimenezi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, pamene anamwino ambiri ankapita ku Britain pomwe Edzi inali itadzaza mawodi ndi kupha ena mwa ogwira ntchito zaumoyo. M'chaka cha 2004, boma mothandizidwa ndi dziko la Britain ndi thumba la Global Fund linakonza ndondomeko yapadera ya zaka 6 yotchedwa Emergency Human Resources Programme. Ndondomekoyi inawonjezera 52 peresenti pa malipiro a magulu 11 a ogwira ntchito zaumoyo, inakulitsa sukulu zophunzitsa ntchitoyi ndi kuitana ena amene anali atachoka. Kuunika kumene kunachitika kumapeto kwake kunapeza kuti ogwira ntchito m'magulu amenewa anachoka pa 5,453 m'chaka cha 2004 kufika pa 8,369 m'chaka cha 2009. Zinaonetsa kuti anthu amakhazikika pantchito ngati mikhalidwe yasintha.

Masiku ano anamwino amaphunzitsidwa ku Kamuzu University of Health Sciences, ku Mzuzu University, ku Malawi College of Health Sciences ndi m'makoleji a mipingo a pansi pa bungwe la CHAM monga Nkhoma, Ekwendeni, Malamulo ndi Mulanje Mission. Vuto lasintha nkhope: pakhala pakupezeka anamwino omaliza maphunziro amene akukhala kunyumba kudikira kulembedwa ntchito pamene mawodi akusowa anthu, chifukwa cha kuchepa kwa ndalama za malipiro. Bungwe loimira anamwino ndi azamba la NONM lakhala likudandaula za nkhaniyi kawirikawiri. Pofuna kutseka mipata, zipatala zimagwiritsa ntchito ndondomeko ya lokamu, yolipira namwino kuti agwire ntchito pa nthawi imene akanapuma. Lokamu imathandiza wodi ndiponso thumba la namwino, koma imadya nthawi yopuma, ndipo ndalama yake ikachedwa imasanduka gwero lina la kukhumudwa.

Chithandizo chimene chimagwira ntchito

Popeza gwero lili kuntchito, mankhwala aakulu alinso komweko. Choyamba ndi chiwerengero cha anthu. Chigawo cha California ku America chinakhazikitsa lamulo m'chaka cha 1999, limene linayamba kugwira ntchito mu 2004, loika malire a odwala pa namwino mmodzi: 5 m'mawodi wamba ndi 2 m'chipinda cha odwala mwakayakaya. Malire otere sangatheke msanga m'dziko losauka, koma mfundo yake ndi yotheka kulikonse: kuwerengera kuchuluka kwa ntchito pachipatala chilichonse ndi kutumiza anthu motsatira chiwerengerocho. Izi zimadalira bajeti. Maiko a mu Africa analonjeza ku Abuja m'chaka cha 2001 kuti azipereka 15 peresenti ya bajeti yawo ku zaumoyo, koma ambiri, kuphatikizapo Malawi, zaka zambiri safikapo.

Chachiwiri ndi utsogoleri wa pawodi, ndipo mbali yaikulu ya ichi siifuna ndalama. Mkulu wa anamwino amene amagawa ntchito ya usiku, tchuthi ndi mwayi wa maphunziro mosakondera amachotsa chimodzi mwa zinthu zimene zimapweteka kwambiri. Kuyendera kwa akuluakulu a kuboma kumathandiza kukakhala kophunzitsa ndi kumva mavuto, koma kukakhala kofuna zolakwa zokha kumawonjezera mantha. Pokambirana za imfa ya mayi kapena ya mwana, cholinga chikakhala kupeza chimene chinasokonekera, anamwino amanena zoona. Chikakhala kupeza woti amuloze chala, aliyense amabisa.

Chachitatu ndi kuchirikizana. Mutu umodzi susenza denga, ndipo anamwino amene amakhala pansi kukambirana pambuyo pa tsiku lovuta, kapena amene ali ndi mnzawo wamkulu wowalangiza, amapirira bwino kuposa amene ali yekha. Izi n'zofunika kwambiri kwa amene angomaliza sukulu n'kutumizidwa kuchipatala cha kutali. Pomaliza pali zinthu zooneka zazing'ono: nyumba yabwino, madzi, magetsi a dzuwa m'chipinda chochirira, malo opumira usiku, ndi malipiro ofika tsiku lake. Pangano la bungwe la zantchito padziko lonse la ILO nambala 149, la chaka cha 1977, limanena kuti anamwino ayenera kupatsidwa maola, mpumulo ndi chitetezo zosachepera zimene ogwira ntchito ena amalandira.

Kudzisamalira kwa namwino mwini, monga kugona mokwanira, kudya pa nthawi yake, kutenga tchuthi chake ndi kucheza ndi abale, kuli ndi malo ake. Koma kuuza munthu kuti alimbe mtima pamene ali yekha ndi wodi yonse sikuchepetsa odwala amene akumudikira.

Zizindikiro zofunika kuzisamala

Kutopaku kumabwera pang'onopang'ono, ndipo nthawi zambiri anzake ndi a kunyumba ndiwo amayamba kukuona. Zizindikiro zake ndi monga kusowa tulo kapena kudzuka wotopa, mutu ndi msana kupweteka kawirikawiri, kupsa mtima pa zinthu zazing'ono, kuda nkhawa nthawi yopita kuntchito ikayandikira, kudzipatula, kulakwitsa zinthu zimene kale zinali zosavuta, ndi kuyamba kudalira mowa kapena mankhwala ogonetsa.

Ngati kukhumudwako kwafalikira ku moyo wonse, munthu osasangalalanso ndi chilichonse ngakhale ali kunyumba, kapena akuganiza zodzipha, pamenepo pangakhale nthenda ya kukhumudwa imene imafuna chithandizo cha akatswiri mwamsanga. M'zipatala za m'maboma mumapezeka anamwino ophunzira za matenda a maganizo, ndipo chithandizo chapadera chimapezeka ku Zomba Mental Hospital komanso ku Saint John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Chimene chimalepheretsa ambiri ndi manyazi, poganiza kuti wosamalira odwala sayenera kuoneka wofooka, komanso kuopa kuti nkhani yawo imveka pakati pa anzawo. N'chifukwa chake uphungu wa ogwira ntchito zaumoyo umafunika kukhala wosunga chinsinsi.

Mbali ya anthu a m'dera

Odwala ndi abale awo nawonso ali ndi gawo. Kupita kuchipatala nthenda isanakule, kufika kusikelo pa tsiku loikika ndi kukadikirira kuchipatala masiku ochira akayandikira kumachepetsa ngozi za pakati pa usiku. Makomiti a zipatala, mafumu ndi makhansala angathandize pomanga ndi kukonza nyumba za anamwino, kuteteza ogwira ntchito kwa anthu achiwawa, ndi kutengera madandaulo a kusowa kwa mankhwala ku khonsolo ndi kwa aphungu, kumene kumagawidwa ndalama. Tsiku la 12 May chaka chilichonse, limene ndi tsiku lobadwa la Florence Nightingale, dziko lapansi limakumbukira anamwino, ndipo mabungwe awo amagwiritsa ntchito tsikuli pokumbutsa maboma za chiwerengero cha anthu pantchito, malipiro ndi zipangizo.